Nyenyezi Yodya Inzake ya Mfumu Chiphaliwali

Mu Ufumu wa Weramani, dziko limene simungalipeze pamapu ngakhale mutavala magalasi awiri, muli mwambo umene eni ake amaunyadira kuposa mvula. Mfumu yatsopano ikamalongedwa, imaloza nyenyezi imodzi kumwamba n'kunena kuti, "Iyo ndi yanga." Kuyambira tsiku limenelo lamulo limakhala lalifupi: chochita nyenyezi, ichitenso mfumu. Ndipo mfumu yokana nyenyezi yake imatsika pampando n'kupita kukagwira khasu ngati wina aliyense.

Makolo amene anayambitsa mwambowu sanali opusa. Ankadziwa kuti mfumu simvera munthu, choncho anaipezera bwana amene sangalandire chiphuphu. Mfumu ina yakale inaloza Nthanda chifukwa cha kukongola kwake, osadziwa kuti yadzitchera msampha. Moyo wake wonse inkadzuka nkhuku zisanatsike, ndipo inamwalira ikung'ung'udza. Ina inasankha kanyenyezi kothwanima, koti pano kawala, pano kazima. Imeneyo inkasintha maganizo kawiri ndiwo zisanapse, ndipo anthu ankangoti, "Musaidandaule, ndi nyenyezi yake."

Itakwana nthawi yoti Chiphaliwali alongedwe, anakana kuloza mwachisawawa. Anatuma nduna yake yaikulu, Olemekezeka a Kapindakhosi, kuti amufunire nyenyezi yopanda ntchito zowawa.

A Kapindakhosi sanavutike. Tsiku lina masana, akusenda nzimbe pakhonde, anamva pawailesi mawu a Dokotala Ndaziona Ngozo, mayi amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja kokaphunzira za kuthambo. Mayiyo ankafotokoza kuti kutali kwambiri, mu mlalang'amba wina, kuli chitsa cha nyenyezi yakufa, chaching'ono koma cholemera koopsa, chimene chimakoka mpweya wa nyenyezi inzake n'kumameza. Chakudyacho chikamagwera mkati chimatentha n'kuwala ndi kuwala kwa ekisireyi, komwe kuja amaunikira mafupa kuchipatala. Kuwala kwake, anatero Dokotala, kumaposa madzuwa miliyoni, ndipo kumapyola malire amene akatswiri anaikira nyenyezi ya msinkhu umenewo.

Dokotala anapitiriza kunena kuti akatswiri akukayikira ngati nyenyezi zoterezi zimamezadi zonse, mwina zambiri zimalavulidwa. Koma mawu amenewo anauza nkhuku za pakhonde, chifukwa a Kapindakhosi anali atataya nzimbe kale, ali pa liwiro kupita kunyumba yachifumu.

"Wowalitsitsa!" anafuula ali wefuwefu. "Ndaipeza. Imadya inzake, imawala kupyola malire, ndipo palibe amene angaione ndi maso."

"Palibe angaione?" anafunsa Chiphaliwali.

"Ngakhale mfiti, mwini dziko."

"Imeneyo ndiye yanga."

Pa tsiku lolongedwa, mfumu inaloza pamalo akuthambo pamene panalibe kanthu, ndipo anthu anaomba m'manja poti kuomba m'manja kunalibe msonkho. Dokotala Ngozo anapatsidwa udindo wa Woyang'ana Nyenyezi ya Mfumu. Mwa mwambo, mwini udindowu amaima pabwalo kamodzi pachaka, pa Tsiku la Nyenyezi, n'kunena zimene nyenyeziyo ikuchita, ndipo mawu ake amasanduka lamulo.

Malamulo a mfumu yatsopano sanachedwe. Loyamba linati popeza nyenyezi imadya inzake, ndipo inzake ya mfumu ndi anthu ake, chimanga cha dziko chizipita ku nkhokwe yaikulu imene anaimanga kuseri kwa nyumba yachifumu mumzinda wa Thobwamaso. Nkhokweyo anaitcha Meza, ndipo inali ndi pothirira pamwamba koma chitseko chake anachimata ndi simenti. Lachiwiri linati popeza mfumu ikuwala kupyola malire, n'koletsedwa kuiyang'ana, kuopera khungu. Anaisokera mkanjo wa timagalasi, ndipo aliyense wofika pamaso pake ankayang'ana pansi.

Nduna zinautenga mtima mpikisano wa kuwerama. Wina akawerama mpaka pachifuwa, mnzake ankafika pamchombo. A Kapindakhosi, poti anali wamkulu, ankawerama ngakhale posamba, mwina mfumu ingadutse kuseri kwa bafa. Patapita zaka, ankazindikira anthu ndi nsapato zokha. Akazi awo atagula nsapato zatsopano, anawapatsa moni ngati mlendo n'kuwafunsa kumene akuchokera.

Anthu wamba anapirira, poti anali ndi luso la kupirira lochokera kwa makolo. Koma chaka chimene tikunenachi, otolera a mfumu anachita chimene ngakhale dzombe silichita. Atasesa nkhokwe za m'midzi, analowa m'makhitchini n'kumasula ngakhale zitsononkho zambewu, zija alimi amamanga ndi makoko ake n'kupachika kudenga pamwamba pa moto. Ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana kum'mawa.

Mmodzi mwa olandidwa mbewu anali Chikaiko, mchimwene wake weniweni wa Dokotala Ngozo. Anali atagalauza munda wonse, mizere ili ndondondo, koma chobzala analibe ngakhale njere imodzi. Mvula ikanagwa mbewu ili mu Meza, iye ndi ana ake akanakolola udzu.

Anapeza mlongo wakeyo mumsika wa Tidyenji, atakhala pa benchi la Mayi Nasimango ogulitsa mitsuko. Msika wa Tidyenji masiku amenewo unali ndi ogulitsa ambiri kuposa zogulitsa. Mayi Nasimango ankasenza mitsuko pamutu kuchokera kudambo m'mawa, n'kuisenzanso madzulo kubwerera nayo, popeza panalibe choikamo.

"Achemwali," anatero Chikaiko, akuponya dengu lopanda kanthu pansi, "nyenyezi yanu ija yafika kukhitchini kwanga."

"Ndamva, achimwene. Khalani pansi."

"Ndikhale pansi ndibzale matako?"

Anthu anaseka, n'kuyamba kusendera. Dokotala sankamudalira kwenikweni mumsikamo. Munthu wa nyenyezi wamtundu wanji wogona usiku ngati nkhuku, n'kumagwira ntchito masana pa kompyuta? Iye anali atawafotokozera kambirimbiri kuti kuwala kwa ekisireyi sikufika pansi pano, kuti makina oonera ali kumwamba kupyola mitambo akuzungulira dziko, ndiponso kuti makinawo ndi a mayiko ena, moti munthu amaima pamzera kudikira nthawi yake ngati kuchigayo. Anthu ankagwedeza mitu mwaulemu n'kunong'onezana kuti sukulu yambiri imachititsa ulesi.

"Tatiuzani bwinobwino, Anangozo," anatero Mayi Nasimango. "Inu pa kompyutapo mumafunapo chiyani? Nyenyezi munaipeza kale, yatimaliza."

"Ndikufuna malovu ake, mayi."

"Ati chiyani?"

"Ndikufuna ndione ngati imalavula. Munthu akamadya mothamanga kwambiri, zina zimabwerera. Nyenyezi imeneyi ikameza mopyola, kuwala kwake komwe kuyenera kukankhira chakudya china kunja, n'kukhala chimphepo chothawa. Ngati chimphepocho chilipo, ndiye kuti nyenyezi ya mfumu imatulutsa. Ndipo chochita nyenyezi..."

"...ichitenso mfumu," msika wonse unamaliza, mwakachetechete ngati pamaliro.

"Nanga mphepo mungaione bwanji, chikhalirecho nyenyeziyo simuiona?" anafunsa wogulitsa mchere.

"Ndimapeta kuwala kwake. Mukudziwa utawaleza, mmene kuwala kumagawikira mitundumitundu? Makina aja amagawa kuwala kwa nyenyeziyi chimodzimodzi, n'kukuyala ngati mphasa. Ngati pakati pa ife ndi nyenyeziyo pali mpweya, mpweyawo umaba kuwala pang'ono, ndipo pamphasapo pamatsala timizere takuda. Chitsulo chili ndi malo ake obapo, okosijeni ali ndi ake, aliyense pake pake. Tsono mpweyawo ukakhala kuti ukuthamangira kuno, timizereto timasuntha, tonse mbali imodzi."

"Timasuntha chifukwa chiyani?"

"Mfumu ikamadutsa pamsewu, lipenga la galimoto yotsogola limalira bwanji ikamabwera?"

"Mokweza, ngati mwana wolumidwa ndi linthumbu," anatero Mayi Nasimango, "kenaka ikatipitirira limatsika mawu. Timalimva bwino tili m'ngalande."

"Kuwala nakonso kumatero. Chimene chikubwera kwa iwe chimakweza mawu."

Chikaiko anasendera pafupi. "Ndiye mwationa timizereto?"

Dokotala anayang'ana pansi, ngakhale mfumu panalibe. "Ndaona kachinthu. Kamzere kamodzi, kozimiririka. Kangathe kukhala mphepo, kangathenso kukhala phokoso chabe la makina. Kuwala kumene ndasonkhanitsa n'kochepa. Ndapempha kuti makina ayang'anenso nyenyeziyo, ndili pamzera."

"Kamodzi n'kokwanira! Tsiku la Nyenyezi layandikira. Kaimeni pabwalo munene kuti imalavula, basi. Ndani angakutsutseni? Nyenyeziyo amaiona ndinu nokha."

"N'chifukwa chake sindinganame, achimwene. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ana anga ndikawaphikire kudekha?" Chikaiko anatola dengu lake. "Mvula sidziwa mzera wa kuchigayo, achemwali. Ikagwa mbewu yanga ili mu Meza, musadzandipatsenso moni."

Anachoka osatsazika. Dokotala Ngozo anamva kuwawa kwenikweni, kwa munthu amene m'bale wake wamuyesa mdani, ndipo misozi inalengeza m'maso. Mayi Nasimango anamupatsa madzi mu kamtsuko katsopano, n'kunena kuti ndi madzi oyamba kulowa mu katundu wawo chaka chimenecho.

Mphekesera ilibe miyendo koma imafika msanga. Tsiku lotsatira bwalo la nduna linakhala mwadzidzidzi kukambirana za malovu a nyenyezi. Mfumu inakhala pampando wake wautali ikung'anima, nduna zili m'munsi, aliyense akulankhula ndi zala za kumapazi kwake.

Nduna Yoona za Nyengo inapempha kuti mphepo iletsedwe m'dziko lonse, pansi ndi kumwamba komwe, ndipo aliyense wopezeka ndi mphepo amangidwe. Nduna ya Zomangamanga inati imeneyo ndi ntchito yaikulu, chosavuta n'kugula penti woyera n'kupaka timizere takudato tisanaoneke, ndipo mlamu wake amagulitsa penti wabwino. Nduna ya Maphunziro, imene inali itagona, inadzidzimuka n'kuvomereza zonse ziwiri. Pomaliza anagwirizana kuti a Kapindakhosi apite okha akalankhule ndi mayiyo mwaulemu woopsa.

A Kapindakhosi analowa mu ofesi ya Dokotala mutu uli patsogolo ngati mbuzi yofuna kugunda, n'kupatsa moni miyendo ya tebulo.

"Ndili kuno, Olemekezeka," anatero Dokotala.

"Ndakuonani, ndakuonani. Nsapato zanu zatha, Dokotala. Munthu wa udindo ngati inu! Wowalitsitsa akuganiza zokumangirani nyumba yoonera nyenyezi pamwamba pa phiri, ya makina anuanu, musamaimenso pamzera wa azungu. Chofunika n'chaching'ono. Pa Tsiku la Nyenyezi mukanene kuti nyenyezi ya mfumu imameza zonse, silavula ngakhale kadontho."

"Zimenezo sindikuzidziwa."

"Nanga kuti imalavula mukudziwa?"

"Nazonso sindinadziwe."

"Ndiye boma limakudyetserani chiyani?" A Kapindakhosi anakwiya mpaka khosi linalira. "Munthu wosadziwa kanthu amasankha mbali yomwe kuli ndiwo. Tamverani, mwana wanga. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Munalowa nokha ntchito ya mfumu. Kuseri kwa Meza kuli kachipinda kopanda zenera, ndipo akuti nyenyezi sizioneka bwino kumeneko."

"Ine ndimagwira ntchito masana, Olemekezeka."

Ndunayo inatuluka itagunda chitseko ndi liwombo.

Choncho Dokotala Ngozo anakhala munthu yekhayo mu Weramani amene anadedwa ndi msika ndi nyumba yachifumu nthawi imodzi, pa mlandu umodzi wokana kunena chimene sanachione. Kumsika ankati wadya za mfumu. Kunyumba yachifumu ankati wadya za kumsika, ngakhale kumsikako kunalibe chodya. Mphepo ya mvula inayamba kununkhira, nyerere zikusamutsa mazira, ndipo iye tsiku ndi tsiku ankatsegula kompyuta n'kupeza kuti nthawi yake pamzera sinakwane. Mantha anali nawo, tisamunamizire kulimba mtima kumene analibe. Nthawi zina ankayeseza pagalasi kunena bodza la mchimwene wake, n'kuona kuti likutuluka bwino ndithu pakamwa, ndipo chimenecho ndicho chinkamuopsa koposa kachipinda kopanda zenera.

Kuwala kwatsopano kunafika kutatsala pang'ono kuti Tsiku la Nyenyezi likwane. Anakuphatikiza ndi kwakale kuja, n'kupeta. Kamzere kozimiririka kaja kanada bii. Pambali pake panatuluka kena, ka okosijeni, ndi kenanso ka chitsulo, ndipo tonse tinali titasuntha mbali imodzi, mtunda wofanana, ngati anthu amene akankhidwa ndi galimoto imodzi. Phokoso la makina silipangana chotero. Anayesa njira zonse zodzitsutsira yekha, timizereto osachoka. Atatsimikiza anavula nsapato zake zakutha zija n'kuvina yekha mu ofesi, chitseko atatseka.

Tsiku la Nyenyezi linacha ndi mitambo yakuda kum'mawa. Bwalo la Thobwamaso linadzaza. Mfumu inakhala pansanja patsogolo pa Meza, nduna zili mzera pafupi nayo, anthu wamba kumbuyo, mitu yonse ili pansi ngati mapira okhwima. Amayi amumsika anabwera ndi mitsuko ndi madengu awo pamutu, popeza kuwasiya kumsika kunali kupatsa akuba, ndipo anawatula pambali kuti athe kuwerama. Chikaiko anaima kumapeto, nkhope ili gwa.

A Kapindakhosi analankhula kaye. Anayamika mfumu chifukwa cha dzuwa, chifukwa cha mthunzi, ndi chifukwa cha njala, imene anati yathandiza anthu kuchepetsa matenda a kunenepa. Atatha anaitana Woyang'ana Nyenyezi, n'kumuponda chala pang'ono podutsa kuti akumbukire.

"Wowalitsitsa, mwini dziko," anayamba Dokotala. "Nyenyezi yanu ikudyabe inzake. Ikuwalabe kupyola malire."

Nduna zinaomba m'manja.

"Ndipo ikulavula."

M'manja munaima pakati. Kunamveka khwangwala yekha pamwamba pa Meza.

"Ndapeta kuwala kwake ndipo ndapeza chimphepo chikutuluka, chothamanga moti pa mtunda umene kuwala kwayenda mapazi asanu, icho chayenda limodzi. Ndipo si malovu ochepa. Mwa zimene imakoka kwa inzake, zambiri imabweza kunja. Sichita zimenezi chifukwa cha chifundo. Imakakamizidwa ndi kuwala kwake komwe. Ikawonjezera kudya, imawonjezeranso kutulutsa."

Kumbuyo kunayamba kung'ung'udza kokoma, konga kwa njuchi zapeza maluwa. Wina ananong'ona kuti, "Chochita nyenyezi," ndipo mawuwo anayenda m'khamulo mpaka anafika pansanja.

Mfumu inatsokomola. "Kapindakhosi, nyenyezi imeneyi yandipandukira. Ndipezere ina."

"Wowalitsitsa," inayankha ndunayo motsitsa mawu, "wokana nyenyezi yake amakagwira khasu."

Mfumu inayang'ana manja ake ofewa ngati mkate.

Koma a Kapindakhosi sanakhale nduna yaikulu chifukwa cha khosi lokha. Anaganiza mofulumira, n'kutembenukira ku nsapato za Dokotala. "Tatiuzani, mayi. Mphepoyo mwaidziwa bwanji kuti ikuyenda?"

"Timizere tasunthira mbali yosonyeza kuti ikubwera kuno."

"Kuno kuti? Kwa yani?"

"Kwa amene akuiyang'ana. Imene ndaipeza ine ndi imene ili pakati pa nyenyeziyo ndi diso loiyang'ana."

"Mwamva nonse!" anafuula a Kapindakhosi, chimwemwe chikusefukira. "Nyenyezi imalavulira oiyang'ana, osati aliyense wongodutsa. Chochita nyenyezi ichitenso mfumu. Meza atsegulidwe, inde, koma chimanga chipite kwa okhawo amene akuyang'ana mfumu maso ndi maso. Ndipo ndani ali pafupi ndi nkhope ya Wowalitsitsa kuposa ife nduna zake? Lero lokha lamulo la kuwerama lipume. Mwini dziko, lamulani!"

"Ndalamula," inatero mfumu, itapuma mpweya wa chipulumutso. Kugawana ndi nduna kunali ngati kusuntha chakudya kuchoka m'dzanja lamanja kupita lamanzere.

"Anzanga," anatero a Kapindakhosi, "tiyeni tidzutse mitu."

Apa ndi pamene panaonekera ntchito ya zaka zonse zija. A Kapindakhosi anayesa kudzutsa mutu, khosi linakana. Anayesanso, linangolira ngati chitseko cha dzimbiri. Nduna ya Zomangamanga inagwira chibwano chake ndi manja awiri n'kukankha, koma inangodziluma lilime. Nduna Yoona za Nyengo inaganiza zogona chagada kuti ione m'mwamba, koma chibwano chinali chitamatirira pachifuwa, ndipo inangoona mimba yake. Mzera wonse wa olemekezeka unali kubuula, thukuta lili kamukamu, maso ali pa fumbi lomwe lija analitumikira mokhulupirika.

Kumbuyo, Mayi Nasimango anamva kubuulako. Iwo kuwerama ankawerama, koma mwa apo ndi apo, mfumu ikamadutsa basi. Masiku ena onse khosi lawo linkasenza mitsuko kuchokera kudambo, ndipo wosenza mtsuko sayang'ana pansi. Anadzutsa mutu mosavuta ngati akuyang'ana ngati kukubwera mvula.

"Aa!" anatero mokweza. "Kodi ndi kamunthu kakang'ono chonchi?"

Amayi anzawo anadzutsa mitu. Kenaka osenza nkhuni, osenza madzi, alimi, ana, khamu lonse. Maso zikwizikwi anatera pa Chiphaliwali nthawi imodzi, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anachita khungu. Anaona bambo wamfupi wa dazi, wa ndevu zapatalipatali, atamira mu mkanjo wa timagalasi, ndipo m'timagalasimo aliyense anaona nkhope yake yomwe yowonda.

Mfumu inali isanayang'anidwe kwa zaka zambiri, ndipo inachita manyazi ngati mkamwini wogwidwa akunyambita mbale. Inaweramira kwa Dokotala n'kunong'ona, "Iwe, akundiona bwanji? Sindikuwala?"

"Nyenyezi yanu imaoneka yowala koopsa kwa amene ali kutsogolo kwa kamwa yake, mwini dziko," anayankha Dokotala, nayenso akuiyang'ana m'maso. "Oionera chammbali amati ndi nyenyezi wamba."

"Chitseko!" anafuula Chikaiko kuchokera kumapeto. "Ife tikuyang'ana. Chitseko!"

Lamulo linali litatuluka kale pakamwa pa mfumu, pamaso pa dziko lonse. Asilikali, amene nawonso anali ndi minda kwawo, sanadikire kuuzidwa kawiri. Anatenga nyundo n'kuyamba kuswa simenti ya pachitseko cha Meza.

Tsono nkhokwe yothiridwa zaka ndi zaka osatapamo imakhala ndi eni ake ena. Chitseko chitagwa, sichinatuluke chimanga. Chinatuluka chimphepo cha fumbi loyera, lotentha, lonunkha, pamodzi ndi anankafumbwe osawerengeka amene anakhala akudya mwakachetechete m'dzina la mfumu. Fumbilo linawomba amene anali pafupi, ndiwo nduna, ndipo poti sizikanatha kuona kothawira, zinangoima pomwepo mpaka zinayera mbuu kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Wogulitsa mchere anati aka kanali koyamba kuona boma lopanda banga.

Koma kuseka kunatha msanga. Anthu anayang'ana phiri la fumbi limene linali thukuta lawo la zaka zonsezo, ndipo amayi ena anayamba kulira mokweza ngati pamaliro. Dokotala Ngozo naye anayang'ana fumbilo. Anali atanena zoona, anali atadikira mpaka kutsimikiza, ndipo zoonazo zinatsegula nkhokwe ya fumbi. Sanathe kuyang'ana kumene kunali mchimwene wake.

Chikaiko sanalire. Anavula malaya, n'kumanga pamphuno, n'kulowa m'fumbimo mpaka m'chiuno. Anafukula ndi manja, anafukulanso, anthu akumuyang'ana ngati wamisala. Kenaka anaimirira atanyamula chinthu chakuda bii: mtolo wa zitsononkho zomangidwa ndi makoko ake, zokutidwa ndi mwaye wa kukhitchini. Otolera aja anazithira pomalizira, monyansidwa, poti zinali zakuda zosayenera nkhokwe ya mfumu yowala, ndipo fumbi litagumuka linazikwirira. Anankafumbwe nawonso ananyansidwa nazo, popeza sadya chofukiziridwa ndi utsi. Anasenda chimodzi, njere zili mbee, zolimba ngati mano a mwana.

"Mfundo iyi ndi yanga," anatero. "Ndimamanga chonchi ndine."

Khamu lonse linakhamukira m'fumbimo. Mitolo yakuda inatuluka yambirimbiri, aliyense akuzindikira kamangidwe ka kwawo, ndipo mitsuko ya Mayi Nasimango inapeza choikamo. Chakudya cha chaka chimenecho chinali chitapita, zimenezo n'zosabisa, ndipo njala inaluma ndithu mpaka zokolola. Koma chobzala chinapezeka.

Chikaiko anapita pamene panaima mlongo wake. Anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itafika pamutu, n'kuyang'ananso iye.

"Mwaswera bwanji, achemwali?" anatero.

Dokotala asanayankhe, dontho loyamba la mvula linagwera pa mtolo wakudawo.

Chiphaliwali akadali mfumu mpaka lero, popeza khasu amaliopa kuposa maso a anthu. Meza ali ndi chitseko cha mahinjesi, ndipo chaka chilichonse Dokotala Ngozo amaima pabwalo n'kunena liwiro la mphepo, mfumu ikumvetsera ngati wodwala pamaso pa sing'anga. Nyumba yoonera nyenyezi ya paphiri sinamangidwe, ndipo iye akadaimabe pamzera wa kuchigayo ndi nsapato zake zomwe zija. Nduna zimapita kuchipatala kukawongoledwa makosi, koma madokotala akuti matendawa akalowa m'fupa satuluka.

Lamulo la kuwerama analibwezeretsa mawa lake lomwe la tsiku loswa chitseko lija. A Kapindakhosi anapita okha kumidzi, ambulera ili pamsana, kukaona ngati anthu akulimvera. Anafika m'munda wa Chikaiko, kumene Mayi Nasimango ndi anzawo ankathandiza kubzala, ndipo anafunsa mapazi amatope amene anawazungulira ngati eni ake akuwerama monga mwa lamulo.

"Tikuwerama ndithu, Olemekezeka," anayankha Mayi Nasimango, akuponya njere m'phando n'kukwirira ndi chidendene. "Tikamaliza mzerewu tidzuka."